Mdyaphala

Dzulo mu shapa, minibasi yochokera ku Moatize, kobradori wotolera ndalama anakalipira dalaivala wake kuti, "Mdyaphala iwe!" Palibe amene anatembenuka, koma ine ndinakumbukira bambo anga.

Nkhondo itatha, tinabwerera ku Zóbuè kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kupeza munda wathu ukulimidwa ndi ena. Tsiku lina kunabwera wandale kudzapempha mavoti. Ndinali pamapewa pa bambo, fumbi likundiyabwa m'maso, pamene iwo anakweza dzanja.

"Shefi, nanga ife obwererafe tilima kuti?"

Wandaleyo anamenya tebulo. "Khala pansi, mdyaphala iwe! Ife tikufa kuno, iwe unkanyambita phala laulere!"

Khamu lonse linafa ndi phwete. Inenso ndinaomba m'manja poganiza kuti bambo apatsidwa udindo, pakuti phala la kumsasa lija, lonunkhira soya, ndinkalikonda kwambiri. Sindinamvetse chifukwa chake bambo sanaseke nawo.

Sabata isanathe, mawuwo anali pamsika, pachitsime, ngakhale kusukulu, komwe aphunzitsi ankatiitana choncho ife ana a obwerera. Bambo anasiya kupita kutchalitchi, ndipo za munda sanazitchulenso.

Nditakula ndinazindikira kuti amene anawatseka pakamwa si wandale uja, koma anansi athu amene anaseka.