Phewa la Selina

Selina wa ku Mtakataka si munthu wochita mantha wamba. Takhala moyandikana chikwatiwire chake, ndipo ndinamuonapo akupha mphiri ndi mpini wa khasu amuna ataima patali. Ntchito yake ndi kugula usipa kunyanja n'kukagulitsa kumsika wa Golomoti. Koma chaka chatha mantha anamudya mpaka kuwonda.

Anagwa pa kabaza akuchokera kumsika, n'kumenyetsa phewa pansi. Mayi ake anamwalira atafa dzanja ndi mwendo, ndiye Selina atangoona kuti mkono wakumanja sukukwera, anati basi, za amayi zija zandipeza. Anaumangirira pachifuwa ndi chitenje, osalola munthu kuukhudza. Azakhali ake anabwera ndi lumo n'kumutema mphini phewa lonse. Ine ndinamuuza kuti apite kuchipatala, koma amayi anzathu anali atamuopseza kale kuti kumeneko mkono wouma amadula. Anthu ena m'kamwa mwawo mulibe chisoni, ndimapsa nazo mtima mpaka lero.

Mvula inabwera mpaka kutha, mkono uli m'chitenje. Vuto lalikulu linali mwana wake, Mayeso, amene anali atayamba kukwawa. Kubereka mwana kumafuna manja awiri ofika kumbuyo. Tsiku lina pamjigo Selina anayesa kumuponya kumsana ndi dzanja limodzi, mwana anatsetsereka chamutu, ine n'kumuwakha atatsala pang'ono kugunda simenti. Selina anangokhala pansi pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo Mayeso ankaberekedwa ndi Hilda, mng'ono wake wa Selina.

M'mawa mwake Selina anavomera, ndipo ndinamuperekeza kuchipatala ku Mua. Njira yonse anandigwira dzanja mwamphamvu, thukuta lili kamukamu.

"Akaudula, mwanayu mudzandilerera, eti?" anandifunsa.

Ndinamukalipira kuti asiye zimenezo, koma nanenso mtima unali m'mwamba.

Titafika, anatitumiza kwa a Noel, dokotala wa mafizo, wothandiza ziwalo kuti ziyambenso kugwira ntchito. Iwo anaukweza mkonowo pang'onopang'ono, Selina atatsinzina ngati akudikira mpeni.

"Mayi, fupa silinathyoke, ndipo si sitiroko ayi," anatero a Noel. "Phewali lauma chifukwa munalimanga nthawi yaitali. Mankhwala ake ndi kuliyendetsa."

"Ndiye simudula?"

"Tidule chiyani? Masulani chitenjecho."

Anamuphunzitsa kuthowa phewa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda, kukwawitsa zala pakhoma kupita m'mwamba, ndiponso kugwira ndodo ndi manja onse n'kumaikweza. Zinkapweteka zedi. Phewa likangolira pang'ono, ankandiitana akulira kuti lathyoka, ine n'kuthamanga ndi ufa m'manja. Ndinkamuseka kuti akukwera khoma ngati buluzi wodwala, iye n'kuseka misozi ili m'masaya. Anapirira, osaphonya tsiku lobwerera kwa a Noel, ngakhale ulendo uliwonse ankaopa kuti mwina lero asintha maganizo.

Pofika nyengo ya mango, dzanja linafika kumbuyo. Selina anatenga chitenje chatsopano, anawerama pabwalo tonse tikuona.

"Mayeso, bwera ndikubereke, mwanawe."

Mwanayo, amene tsopano ankayenda yekha, anamuyang'ana kanthawi. Kenako anathamangira kwa Hilda, n'kuzungulira kumbuyo kwake, manja ali m'mwamba. Selina anakhalabe chowerama, akudikira.