Makamera Awiri a Bambo Nowa

Bambo Nowa anajambula anthu pa Madisi zaka makumi awiri: maukwati, ubatizo, ana olandira ukalistia woyamba. Mafoni atachuluka ntchito inazilala, koma m'malo mokalima fodya ngati anzawo, iwo anakagula kamera yachiwiri ku Dzaleka, yofanana ndendende ndi yoyamba. Anamangirira makamerawo pa kathabwa, moyandikana ngati maso a munthu, n'kumadina onse nthawi imodzi. Zithunzi ziwirizo ankaziika m'kabokosi ka magalasi awiri komwe anakhoma okha. Ukasuzumiramo, ziwirizo zinkasanduka chimodzi, munthu n'kuima pamaso pako, mphuno kutsogolo, phiri kutali, kungotsala kukupatsa moni.

Akazi awo, mayi Monika, ankati imeneyi ndi misala. Komabe tsiku lina analola kudina iwo, n'kujambula amuna awo ataima m'munda wa mtedza, chipewa m'manja. Chaka chisanathe bambo Nowa anamwalira. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse mayiwo ankayamba asuzumira m'kabokosimo asanagwire tsache.

Kenako anabwera a Kalebe a ku Nachisaka, akulu awo a malemu, kudzagawa katundu. Anadya kaye nyama yambuzi, osasamba m'manja.

"Ife si olanda za amasiye," anatero a Kalebe. "Timagawa pakati."

Kamera ina uku, ina uko. Atafika pa zithunzi ananyambita chala chamafutacho: ichi chanu, ichi chathu.

"Alamu, zimenezi zimayenda ziwiriziwiri," anadandaula mayi Monika.

"Zofanana izi, mlamu! Dyera bwanji? Ifenso m'bale wathu timamufuna."

Chilungamo chotere n'chonyansa kuposa kuba. Anthu ena Mulungu anangowononga maso awiri powapatsa. Mawa lake mayi Monika atasuzumira, diso lina linaona pepala, lina thabwa.

Anapirira mwezi, kenako anakwera kabaza kukapempha chithunzi chinacho cha amuna awo. A Kalebe anakanda m'mutu, n'kufunsa akazi awo komwe kunali chithunzicho. Akaziwo analoza kuseri kwa chitseko, pomwe panali tsache. Pepala lake akuti n'lolimba, limawola bwino zitosi za nkhuku. Zina zinali zitaumira pamenepo, zina zam'mawa womwewo, ntchentche zili ng'waa. Mayi Monika anawerama. Anachitola, n'kuchipukuta ndi chitenje chawo chakutchalitchi. Pankhope ndi pomwe panali patakalika kwambiri. Sanatsanzike.

Atafika kunyumba anachiika pambali pa chinzake n'kusuzumira. Mtedza unadzuka, chipewa chinadzuka, phiri linabwerera kutali. Bambo Nowa anaimanso, mapewa ndi manja omwe. Nkhope yokha inakana, ndipo kabokosi konse kanali kununkha khola.