Kope la bambo anga alidula m'mbali

Anthuni, amene akulemba panoyu ndi mlonda wamkulu wa chuma cha Chingerezi mu Lilongwe yense. Chumacho ndi kope limodzi la masamba 48, lachikuto chothimbirira. Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka basi, ndiye musayembekezere zambiri.

Kopelo ndi la malemu bambo anga. Anali mesenjala ku City Centre. Mabwana akawaseka kuti asokoneza mawu a Chingerezi, iwo sankakwiya. Ankafika kunyumba n'kulemba mawu awiriwo motsatizana: borrow ndi lend, lose ndi loose, advice ndi advise. Kumapeto kwa mzere ankaika tanthauzo m'Chichewa, tizilembo ting'onoting'ono, mpaka m'mphepete mwenimweni. Pepala sankaliseweretsa munthu uja.

Mlongo wanga Tadala akulemba mayeso a Fomu 4 chaka chino. Ndinati ndimupangire fotokope, lenilenilo lizikhala m'sutikesi. Lachiwiri, 9:20 m'mawa, ndinalowa m'shopu ina ya fotokope ku Old Town, kufupi ndi depoti. Ndinawauza amayi a pakauntala kuti kopeli ndi la malemu, aligwire ngati dzira. Anati, "Musadandaule achimwene, mubwere 11 koloko." Maso ali pa foni.

11 koloko ndafika, magetsi athima. 2 koloko ndafikanso, andipatsa envulopu.

Kope mulibe. Muli mapepala okhaokha.

Kuti makina azikoka okha mapepala, abwana a shopuyo anazula mastepulo n'kuika kope lonse pa chimpeni chawo chodulira mapepala. Kumsana, khapu! M'mphepete monse mopindikapindika muja, khapu! Kujambula anajambula atadula kale.

Ndinayang'ana tsamba loyamba. Borrow: "kubw". Lend: "kubw". Zinazo zapita. Bambo anga anavutika zaka kusiyanitsa kubwereka ndi kubwereketsa, abwanawa awagwirizanitsa ndi dzanja limodzi.

Ndinafunsa kuti tizidutswato tili kuti. Amayi aja anati anasesa, ndipo zinyalala zinatengedwa 12 koloko. Ndinafunsa chifukwa chake sanayambe andifunsa. Abwanawo anati umu ndi mmene amachitira ndi makope onse, palibe anadandaulapo. Kenako anawonjezera kuti, "Komanso akulu, mawu amenewa ali pa intaneti. Aulere."

Pa intaneti? Dzanja la bambo anga lili pa intaneti? Paja analemba kuti, "Ili linandichititsa manyazi pamaso pa alendo, Tadala usadzalakwitse," pali pa intaneti? Panopa patsala "Tadala usa". Usatani? Akamuuze ndani?

Ndinazungulira kuseri kwa shopu, ine mlonda wamkulu, n'kuyamba kufukula m'ngalande ndi kamtengo. Ndinapeza makoko a nthochi ndi timakadi ta mayunitsi. Mavenda ankandiyang'ana ngati ndayamba kudwala. Sindinawatsutse.

Tadala sindinamuuzebe. Dzulo anandifunsa kuti kope la adadi lija lili kuti. Ndinati magetsi sanayakebe.

Abwana a shopu, ndiyankheni chimodzi chokha: kufunsa kuti "tidule?" kukanakudyerani mphindi zingati? Ndipo inu nonse, ngati muli ndi pepala lolembedwa ndi munthu amene sadzalembanso, musalisiye pakauntala. Imani pomwepo, ajambule mukuona.

Ndalama abwana aja analandira ndithu. Anati andichotsera K200 ya chipepeso. Ndinalipira K2,200.