Masiku Asanu ndi Anayi Amene Ndinawabera Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anabwerako ku kosi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili Sitandade 5 pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Malindi. Kosi imeneyo inatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo anthu amene anadzawatenga anabwera pa Landilova, osawapatsa mpata wovala ndi nsapato zomwe. Koma amayi anati ndi kosi, choncho inenso aliyense akandifunsa ndinkangoti kosi. Masiku amenewo mwana wofunsafunsa ankatsinidwa khutu.

Bambo anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, amene boma linawatumiza kudzagwira ntchito kunyanja kuno. Atabwerako sanawalolenso kulowa m'kalasi, ndipo nyumba ya aphunzitsi tinali titatulukamo kale, tikukhala kumudzi kwa amayi. Anabwera ataonda, mano awiri akutsogolo palibe. Ankadya atayang'ana kukhomo. Galu akauwa ankasiya kutafuna. Ine ndinkawasuzumira n'kumadzifunsa kuti ndi kosi yanji yophunzitsa munthu kuiwala kuseka.

Patatha milungu ingapo anapempha katoni ya sopo ku golosale, anaidula bwinobwino, n'kujambulapo mizere ndi rula. Kutsika m'munsi analemba masiku a mwezi. Pamwamba analemba mitu inayi: Kuwerenga, Kuyenda, Kulemba, Kukhala chete. Pansi pa mutu uliwonse anaikapo nambala ya masiku amene ankafuna kukwanitsa mwezi umenewo. Kenako anandiitana n'kundipatsa bolopeni yawo yofiira, ija ankachongera makope a ana asukulu.

"Edina, mwana wasukulu sadzichongera yekha mayeso," anatero. "Tsopano mphunzitsi ndiwe. Ukandiona ndachita, chonga. Ukapanda kundiona, siya choncho. Ine sindiyang'anapo mpaka mwezi utatha."

Ha! Ine kuchonga bambo anga? Ndinanyada ngati andiveka udindo wa hedimasitala. Katoniyo tinaipachika kuseri kwa chitseko, zolembazo zitayang'ana kukhoma.

Ntchito yake sinali yovuta, kungoti inali yachilendo. M'mamawa bambo ankayenda kuchoka kunyumba, kudutsa pa mathandala oyanikapo usipa, kukwera mpaka pa mlambe wa kumsewu, n'kubwerera. Ndikaona fumbi m'mapazi mwawo ndinkachonga. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza ndi buku, nthawi zambiri lakale la jogalafe lopanda chikuto, ndinkachonga. Kulembako ndiye kunkandizunguza mutu. Ankadzaza tsamba limodzi la kope, kundionetsa chapatali kuti ndione kuti ladzaza, kenako ankaling'amba n'kupatsa amayi kuti akolezere moto. Tsiku lililonse! Ndinafunsa kamodzi kuti nanga akulemberanji ngati akuotcha. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija, ndipo ndinapita kukatsuka mbale.

Kukhala chete nakonso kunali kwakekwake. Ankakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, maso atatsinzina, manja pa mawondo. Sikunali kupemphera, chifukwa milomo sinkagwedera. Sikunali kugona, chifukwa nkhuku ikadutsa ankadziwa. Ine ndinkaima patali ndi bolopeni, kudikira kuti atsegule maso, osadziwa kuti chimene ndikuchonga n'chiyani kwenikweni.

Tsiku lina ndikuyanika mbale kuseri kwa khitchini ndinamva bambo akulankhula ndi amayi chapansipansi.

"Amake Edina, katoni iyi ndi imene itiuze ngati mutu wanga uli bwino. Ikadzaonetsa kuti zinthu zasokonekera, musadzachedwe ayi. Mudzandiperekeze ku Zomba."

Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kuti munthu akapita ku Zomba chifukwa cha mutu ndiye kuti wapita kuchipatala cha odwala misala. Bambo anali atatichokera kale kamodzi, pa kosi ija. Ndinalumbira chamumtima kuti kachiwiri sapita.

Mwezi wa Meyi unatha bwino. Bambo anatembenuza katoni, anawerenga ndi chala mzere uliwonse, ndipo mitu yonse inayi inakwana. Abale inu, munthu uja anaimirira pabwalo n'kuponda ngoma ya kwawo ku Ntcheu, fumbi koboo, amayi akuseka mpaka kugwira m'nthiti. Aka kanali koyamba kuona zibowo za mano aja akuseka. Pamenepo ndinatsimikiza mwa ine ndekha kuti katoni yodzaza ndiye mankhwala, ndipo mabokosi opanda kanthu ndiye njira ya ku Zomba. Sindinafunse munthu. Safunsa anadya phula.

Mu Juni amayi anapita ku Katuli kukasamalira mng'ono wawo amene anali atangochira mwana. Ulendo wa kumeneko sunali wopita lero n'kubwera mawa, ndiye anatisiya awiri kwa milungu itatu. Mwera unali utayamba, nyanja ili yolusa, mphepo ikulowa ndi m'mabulangete momwe. Atangochoka amayi, m'mawa wina bambo anapita kukayenda monga mwa masiku onse, koma anabwerako msangamsanga, akupuma ngati wathamangitsidwa. Kusukulu ndinamva kuti pa mlambe panaima Landilova. Anali anthu a katemera chabe, obwera kudzabaya ana. Ndinawauza bambo zimenezo, koma anali atagona kale pa mphasa atayang'ana kukhoma.

Anagona masiku asanu ndi anayi. Ndinkawaphikira phala, ankamwa masipuni atatu n'kukankha mbale. Sankadandaula kuti penapake pakupweteka. Ankangoyang'ana khoma. Tsiku loyamba ndinasiya mabokosi anayi opanda kanthu. Lachiwiri anakhala asanu ndi atatu. Lachitatu ndinaima kuseri kwa chitseko, bolopeni ili m'manja, ndikuona kuyera kuja kukukula, ndipo m'makutu mwanga munkangomveka mawu akuti musadzachedwe. Ndinachonga limodzi. Palibe chinachitika. Ndinachonga onse, ndi a masiku awiri apita aja omwe. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse ndinkachonga anayi, mosamala, mokongola kuposa masiku amene ankachitadi. Tsiku lakhumi bambo anadzuka okha, anasamba, anapita ku mlambe. Ine ndinati basi, ndawapulumutsa.

Amayi anabwerako mwezi utatsala masiku awiri. Pa 30 masana, titatha kudya, bambo anati, "Aphunzitsi, bweretsani zotsatira. Mwezi uno ndikudziwa kuti ndalakwa mayeso." Ananena akumwetulira pang'ono. Ndinathamanga kukatenga katoni, mtima uli dyokodyoko, ndikuyembekezera ngoma ija.

Anatembenuza. Chala chinatsika pang'onopang'ono, chinafika pakati pa mwezi, chinaima. Chinabwerera m'mwamba, chinatsikanso. Kumwetulira kuja kunazima.

"Edina, pa 12 ndinayenda?"

"Munayenda, bambo."

"Mpaka pa mlambe?"

"Mpaka pa mlambe."

"Nanga ndinawerenga chiyani?"

"Buku la jogalafe lija."

Bodza ndi lotero, ukalipatsa mpando limaitana abale ake. Ndinawonjezera kuti tsiku lina anabwera ndi minga ku phazi. Amayi, amene sankadziwa kanthu, anati, "Nanga vuto n'chiyani, bambo a Edina? Si mwakhoza?"

"Ine ndikukumbukira khoma," bambo anatero. "Khoma lokhalokha, masiku ambirimbiri. Ndikukumbukira mng'alu wake, ndi nyerere zikutulukamo. Koma apa akuti ndinkayenda, ndinkawerenga, ndinkalemba. Ndinalemba chiyani? Ndinapatsa ndani?"

Amayi anatembenukira kwa ine. "Edina, zimenezi n'zoona?"

"N'zoona, amayi."

"Mwanayu sanama," bambo anadula. "N'chifukwa chake ndinam'patsa iyeyo bolopeni."

Ndinasokonezeka zedi. Katoni inali yodzaza, yofiira kuyambira kumwamba mpaka pansi, yoposa ya Meyi. Nanga ngoma ili kuti? Bwanji bambo akugwira mutu ndi manja awiri? Ndinaganiza kuti mwina ndachonga mopitirira, mwina ndikanasiyako awiri kapena atatu. Kuti vuto ndi bodza lenilenilo, maganizo amenewo sanandifikire n'komwe.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kupeza bambo atavala jekete, akuika malaya awiri ndi bulangete m'chikwama. Amayi maso anali ofiira. Anawapempha kuti adikire ngakhale sabata imodzi, koma bambo anakana. "Tinapangana," anatero. "Munthu amene akuyenda osadziwa kuti akuyenda, mawa adzalankhula osadziwa kuti akulankhula. Mukudziwa kumene zimenezo zingatifikitse tonse." Anatenga katoni ija n'kuipinda, akuti akaonetse adokotala.

Tinanyamuka atatu kupita kumsewu kukadikira lole yopita ku boma. Ine ndinasenza chikwama. Njira yonse ndinkalimbana ndi mutu wanga. Ndikaulula, aona mabokosi makumi atatu ndi asanu ndi limodzi opanda kanthu, ndiye apita ku Zomba. Ndikapanda kuulula, akupita ku Zomba komweko. Kalanga ine! Njira zonse ziwiri zinkathera malo amodzi, ndipo amene ndinazikumba ndinali ine.

Pafupi ndi mlambe panali sitolo, ndipo pakhonde pake pankakhala telala wina wachikulire, Che Bwanali, amene ankapatsana moni ndi bambo m'mawa uliwonse. Atationa anaimitsa makina.

"Aphunzitsi! Ulendo wa kuti ndi chikwama? Komatu mwezi wathawu munatisowetsa. Sabata yathunthu ndi masiku osadutsa pano, ine mpaka ndinati kaya aphunzitsi adwala malungo."

Bambo anaima chilili. Anayang'ana Che Bwanali, anayang'ana katoni ili m'khwapa mwawo. Kenako anagwira mkono wa amayi n'kufunsa monong'ona, ngati mwana:

"Amake Edina, mwamva zimene anenazi? Kapena ndamva ndekha?"

Funso limenelo ndi limene linandithyola. Bambo anga, munthu amene ankaphunzitsa kalasi yonse mitsinje ya dziko lapansi, akufunsa ngati makutu awo akunena zoona! Ndinaponya chikwama pansi n'kuyamba kulira mokuwa, mamina ndi misozi pamodzi.

"Ndinachonga ndine! Munagona, bambo, munagonadi! Simunayende, simunawerenge, minga ija ndinanama! Ndimaopa kuti mupita ku Zomba!"

Ndinatseka maso kudikira mbama. Amayi anali atakweza kale dzanja, koma bambo anawagwira. Bambo anakhala pa chikwama paja, pafumbi, ndi jekete lawo labwino.

"Masiku angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Ndinayang'ana kukhoma?"

"Eee."

"Panali nyerere?"

"Zinalipo. Ndinkazisesa."

Anayamba kuseka, misozi ikutsika. Che Bwanali anangoti laa ilaa, monga amadabwira Asilamu, n'kubwerera ku makina awo osafunsa kanthu, pakuti nawonso ankadziwa nthawi imene tinkakhalamo. Lole inabwera, inaima, kondakitala anakuwa kuti boma, boma, ndipo bambo anaibayibitsa ndi dzanja kuti izipita.

Kunyumba anandikhazika pa tebulo n'kundiuza kuti ndizungulize bokosi lililonse labodza. Ndinazunguliza onse makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Iwo anawerenganso zotsalazo. Palibe mutu ndi umodzi womwe umene unakwana. Analemba pansi pake ndi dzanja lawo kuti Walephera, ndipo anaoneka okondwa ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika. Kenako anadula katoni ina ya Julaye n'kundibwezera bolopeni. Ndinakana, ndinati apatse amayi. Anati, "Tenga. Masiku oipa ndi anganso. Usadzandiberenso."

Ndinatenga, koma kunena zoona sindinamvetse. Kwa zaka zambiri nkhaniyi inkandizungulira m'mutu. Munthu angakondwere bwanji kuti walephera? Ndinkangodziwa kuti ndinalakwa, ndipo sindinachongenso bokosi labodza, ngakhale miyezi ina inkatha theka lili loyera.

Ndinadzamva zonse ndili mayi wa ana awiri, bambo atamwalira kale, nthawi imene anthu anayamba kulankhula momasuka. Amayi anandiuza kuti ku kosi kuja anthu ankabwera ndi mapepala n'kumawauza bambo kuti tsiku lakuti munanena zakuti, munalemba kalata yakuti. Bambo ankakana. Ankabweranso mawa, ndi mkuja, ndi mapepala omwewo, mpaka bambo anayamba kukayika ngati akukumbukira bwino. Katoni ija sanaipange kuti adzionetse kuti ndi akhama ayi. Ankafuna pepala limodzi lokha pa dziko lapansi limene likanena zofanana ndi zimene iwo akukumbukira. Ndipo ine, chifukwa chowakonda, ndinawachita zomwe anawachita anthu aja, ndi bolopeni yawo yomwe.

Lero ndili ndi kope langa limene ndimajambulamo mizere mwezi ukayamba, mitu yake inayi yomwe ija. Mdzukulu wanga akaliona amandiseka, amati agogo, mabokosi oyera achuluka, bwanji osangochongamo, ndani akuonani? Ndimamuuza kuti asiye choncho. Masiku amenewo sindinawerenge, sindinayende, ndinangokhala. Koma ndi anga.