Aphunzitsi Otifulatira

Mbendera yatsopano inali isanasuluke pamtengo wa pasukulu pamene ine ndi mkulu wanga tinakumana m'kalasi imodzi, giredi folo. Iye anachedwa kuyamba sukulu chifukwa cholera ife, koma atangoyamba anatipitirira tonse. Samu zinkamuopa. Ine ndinkakhala pambali pake n'kumadyerera, ndipo sindinkaona cholakwa.

Sukulu yathu, kufupi ndi Kakumbi, inkathera pa giredi folo pomwepo. Wofuna kupitirira ankayenera kukhoza mayeso n'kukagonera kusukulu ina kutali, ndipo aphunzitsi ndiwo ankasankha amene wakhwima kuti alembe. Bambo, omwe ankagwira ntchito yolondera nyama, ananeneratu: mkulu wanga akakhoza apita, akalephera akhale pakhomo adikire banja. Mwamuna womufuna analipo kale, msodzi wina wa mano otalikirana.

Aphunzitsi athu anali mnyamata wochokera kumtunda, ndipo kutentha kwa m'chigwa sanakuzolowere. Ankaphunzitsa akupukuta khosi ndi kansalu. Anali ndi lamulo limodzi limene anabwera nalo kuchokera kukoleji: ukafunsidwa uimirire, uwayang'ane kumaso, uyankhe mokweza. Ankati dziko lamasuka, mwana wa dziko lomasuka sazolika.

Mapira atakololedwa, mkulu wanga anatha msinkhu. Anamutsekera m'nyumba ndi anamkungwi, azimayi olangiza atsikana, ndipo ine ankandithamangitsa nthawi zonse ndikayandikira. Chidwi chinkandipha. Atatuluka anabwerera kusukulu atameta, akunyezimira mafuta, koma mawu anawasiya m'nyumba muja.

"Seveni taimusi eiti?" anafunsa aphunzitsi, akumuloza.

Iye anangozolika.

"Imirira, mtsikana!"

Sanaimirire. Anatsetsereka pabenchi n'kugwada.

Zinapitirira choncho sabata ndi sabata. Aphunzitsi anayesa kunyengerera, anayesa kukalipa, kenaka anangomusiya. Tsiku lina anakumana ndi bambo panjira n'kuwauza kuti mwana wawo nzeru zamuthawa. Ndinapsa mtima, chifukwa ndinkaona zimene iwo sankaona. Funso likafunsidwa, chala cha kuphazi cha mkulu wanga chinkalemba yankho pafumbi, pansi pa benchi, ena asanatsegule n'komwe pakamwa. Kenaka ankafufuta ndi chidendene.

Ndinamufunsa tikupita kumadzi. Anandiyang'ana ngati ndine mwanapiye.

"Iwe ndiwe mwana. Munthu wamkulu saimirira pamaso pa mwamuna wamkulu atamuyang'ana. Samutsegulira maso, samukwezera mawu."

"Nanga kale unkatani?"

"Kale ndinali ngati iweyo, wopanda mwambo."

Ndinadabwa kwambiri. Anamkungwi ati gwada, aphunzitsi ati imirira, ndipo onse akuti akumukonza kuti akhale munthu. Amati safunsa anadya phula, koma aphunzitsi athu kufunsa sankafunsa. Ine pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko, choncho m'mawa mwake, ndikuwatengera madzi akumwa, ndinawauza zonse, ndi za chala chija zomwe. Anangokanda kuseri kwa khutu ndi choko.

Titalowa m'kalasi anachita chinthu chachilendo. Anatembenukira kubolodi, natipatsa msana, n'kufunsa khoma.

"Seveni taimusi eiti. Amene akudziwa ayankhe ali chikhalire. Ine sindikuona munthu."

Tinayamba kuseka. Kenaka pambali panga panamveka timawu tating'ono.

"Fifite-sikisi."

Aphunzitsi sanacheuke. Anangolemba pabolodi n'kufunsa lina, lovutirapo. Timawu tija tinayankhanso.

Kuyambira pamenepo theka la phunziro lililonse ankatiphunzitsa atatifulatira. Malaya awo ndinawadziwa bwino kumsana: chigamba paphewa, ndi thukuta lomwe linkatsika mpaka m'chiuno. Anyamata poyamba ankaponyerana zipatso za mbula, koma aphunzitsi anali ndi makutu a gwape, ndipo ankatchula woponya osatembenuka. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti si mkulu wanga yekha anatseguka pakamwa. Mnyamata wina wachibwibwi, amene tinkamuyesa mbuli, anayamba kuwerenga ndime yonse. Kani enafe chimene chinkatimanga lilime chinali maso a aphunzitsi.

Chilimwe chitafika, msewu utakonzedwa, kunabwera woyendera sukulu pa galimoto. Analowa mosagogoda n'kupeza mphunzitsi akulankhula ndi khoma, ana akuyankha ali pansi ngati ali pamphasa kwawo. Nkhope yake inachita makwinya. Anaimirira kutsogolo, natiyang'ana mmodzimmodzi, n'kuyamba kufunsa yekha. Analoza mkulu wanga. Mkulu wanga anagwada.

Zimene anakambirana akuluakulu awiriwo kuseri kwa kalasi sitinazimve, koma tinkaona dzanja la mlendo likukwera ndi kutsika. Patapita nthawi tinamva kuti aphunzitsi athu awasamutsa, akuti sadziwa kugwira kalasi. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Koma asanachoke anaika mkulu wanga pakati pa olemba mayeso, ndipo pepala liribe maso. Anakhoza. Msodzi uja anakafunsira kwina.

Tsiku lonyamuka aphunzitsi, tinawaperekeza mpaka pamsewu, ena atasenza katundu wawo, ena akungotsatira. Aliyense anatsazika, ine kawiri. Mkulu wanga anagwada patali pang'ono, pansi pa mtengo wa tsanya, maso ali pansi, osatsazika. Lole inali italiza kale hutala.

Aphunzitsi anamuyang'ana pang'ono. Kenaka anatula chikwama, natembenuka, n'kuyang'ana kuthengo.

"Kodi alipo amene sanatsazike? Ine sindikuona munthu."

"Muyende bwino, aphunzitsi," anatero mkulu wanga, mokweza kuposa mmene ndinamumverapo. "Zikomo."

Anakwera lole osacheuka, ndipo ndinaona akupukuta kumaso ndi kansalu kaja ka m'khosi.