Chubu Chakufa cha pa Phiri

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi Amake Tisa, amene tinkaimba nawo kwaya ku Nabvutika. Inali yosesa m'kanyumba ka makina a matelefoni, pamwamba pa phiri loyang'ana Chipata. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu, amuna anga atangowachotsa ntchito kujinala, fakitale ya thonje.

Kanyumbako kanalibe zenera. Makina ankang'ung'udza ngati anthu opemphera kuseri kwa khoma. Oyang'anira, a Zulu, anandipatsa nsalu youma ndi burashi yofewa. Madzi analetsa. Anandionetsa chitoliro cha mkuwa cha ngodya zinayi chopita kumlongoti, nati muli mafunde a maikirowevu, onyamula mawu, osaoneka koma owotcha.

Pakhomo pankalendewera chubu cha getsi, chopanda waya. Ine ndinkati n'chakufa.

Tsiku lina m'mawa, nkhungu itaphimba phiri, ndinachitsitsa kuti ndichipukute. Ndikudutsa nacho kuseri kwa makina, chinayaka m'manja mwanga. Kuwala koyera, kozizira. Nditabwerera m'mbuyo chinazima. Kusendera kutsogolo, chayakanso. Mwana anagunda m'mimba. Ndinayamba kunena Tikuoneni Mariya.

Ndinachibwezera pachingwe mwakachetechete. Ndinkaopa kuti ndikanena ati ndawononga makina, kapena ati mayiyu ali ndi zake, ntchito n'kuthera pomwepo. Kenako a Zulu analowa ndi sipanala, akulunjika kuseri komweko, kumene ankagwira ntchito nkhope ili pafupi ndi chitoliro.

"Bambo, taimani. Chubu chija chayaka ndili nacho m'manja."

"Pati?"

Ndinaloza. Sanaseke. Anamangirira chubucho kunsonga ya ndodo n'kuchisendeza pamfundo ya chitoliro. Chinayaka. Anazimitsa makina, ndipo kunagwa bata. Mabawuti awiri a pamfundopo anali atamasuka.

"M'chubumu muli mpweya," anatero. "Mafunde akathawa, mpweyawo umayaka. Ndi mlonda wathu ameneyu. Mukanakhala chete, amayi, maso angawa akanapsa. Ndalakwa ndine, sindinakuuzeni."

Kuyambira tsikulo anandiletsa kupita kuseriko. Miyezi inayi yotsalayo ndinkapempherera mwanayo, osadziwa ngati mafunde aja anamukhudza. Atabadwa, anamwino anamuyatsira tochi m'maso, iye n'kutsinzina. Ndinalira, ndikuthokoza Ambuye.

Zimene ndinatenga paphiri paja n'zakuti chinthu chikandiopsa, ndimachinena ndikunjenjemera komweko. A Zulu anakalamba akuwerengabe Baibulo lawo okha.