Uthenga Unalowera mu Wailesi ya Bambo

Wailesi ija bambo anapatsidwa ndi esiteti atapuma pantchito yothyola tiyi. Inali ya makaseti, ya masipika awiri aakulu ngati zidebe, ndipo ankaifunditsa nsalu kuopa fumbi. Makaseti anatha kalekale, mbali yogwira masiteshoni inkangokhosomola, koma zoitaya sankafuna kumva. Ankati ndi chokhacho chimene anatuluka nacho m'munda wa azungu, kupatula msana wopindika.

Ine ndinalowa m'mizere ya tiyi yomweyo. Dengu kumsana mame asanaume, zala zakuda bii ndi masamba, kenako kuima pamzere wa sikelo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndikaweruka sindifuna munthu wondifunsa kanthu, ngakhale komwe kuli mchere. Koma bambo anali ndi funso lawo la tsiku ndi tsiku: "Achemwali atumiza mawu?"

Azakhali, mlongo wawo yekhayo amene anatsala, ankakhala kutsidya ku Mozambiki, ndipo ukalamba unawatsekera njira onse awiri. Msuweni wanga, mwana wa azakhaliwo, ankawajambula mawu pafoni n'kunditumizira. Vuto linali makutu a bambo. Ndikawagunditsa foni pakhutu ankangoti, "Akuti chiyani?" Ndiye ine, ndi njala yanga, ndizibwereza mokuwa Chilomwe chonse cha azakhali: za mvula, za nyamakazi, za mbuzi zodya chinangwa. Ndisaname, ndinkapsa mtima, masiku ena ndinkawanamiza kuti sanatumize.

Tsiku lina ku Masambanjati ndinadandaulira bambo wina wogulitsa za mafoni. Ananditulutsira kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi.

"Mayi, aka ndi ka bulutufu. Chingwechi, chofiira ndi choyera, mukalowetse kumbuyo kwa wailesi. Mukakalumikiza ndi foni kamodzi, basi, kaidziwa. Mukangoyandikira pakhomo, kagwira kokha."

Mawu omalizawo ndinawatenga ngati zokometsera malonda chabe.

Kanagwiradi. Tsiku loyamba mawu a azakhali atatuluka m'masipika aja, nyumba yonse inadzaza. Bambo anavula chipewa n'kuyankha ngati mlongo wawo wakhala pamphasa: "Tadzuka, achemwali, kaya inu." Ine ndinangokhala pakhonde n'kumatikita mapazi, mtima uli m'malo kuti ntchito yotanthauzira yanditha. Kuyambira pamenepo bambo ankayatsiratu wailesi nthawi yoweruka ikayandikira, n'kukhala pampando kuyang'ana kanyale kabuluu ka kachipangizoko kakuphethira.

Linali Lachinayi m'nyengo ya dzinja, tiyi atachuluka moti tinkathyola mpaka dzuwa kupendeka. Ndinafika pakhomo nditanyowa, mvula ikadali kugwa. Pafoni panali mawu ochokera kwa msuweni, pamwamba pake atalemba kuti, "Mumvere panokha, amalume asamve."

Ndinadziwiratu kuti ndi za maliro. Kwathu uthenga wa maliro sitiuponya kwa munthu wamkulu ngati mwala. Amabwera akuluakulu anzake, akhale pansi, afunse za mthupi, anene kuti kutsidya matenda akula, apume, kenako ndi pomwe amasule. Ndinaganiza zomvera ndekha kaye, ndikaitane akulu a mpingo.

Ndinazembera m'khitchini, kuseri kwa nyumba, n'kudina. Kamzere kanayenda, koma mawu zii. Mvula inali kusokosa pamalata, ndiye ndinati mwina madzi alowa m'foni. Ndinaipukuta pachitenje, n'kukweza mawu mpaka kumapeto, n'kudinanso. Zii. Ndinaitukwana foniyo, ndinatukwananso amene anandigulitsa. Nditadina kachitatu mvula inachepako, ndipo ndinamva mawu a msuweni akuchokera m'nyumba, amphamvu ngati a pamsonkhano:

"Amayi atisiya m'mawa uno. Chonde amalume musawauze kaye, mtima wawo ndi wofooka. Awauze akuluakulu, bwinobwino."

Sindikumbuka momwe ndinadutsira pabwalo. Bambo ndinawapeza ali pampando pawo, manja pamaondo, chipewa chili pansi.

"Ndinamva koyamba komwe, mwananga," anatero. "Kachiwiri ndimati mwina makutuwa andinamiza. Kachitatuka ndiye sikanafunike."

Ndinagwada pomwepo ndi matope anga. Ndinachita manyazi ndi chisoni.

Akulu a mpingo ndinawaitanabe, chifukwa mwambo ndi mwambo. Anabwera atatu, anakhala pansi, anafunsa za mthupi. Atanena kuti kutsidya matenda akula, bambo anagwedeza mutu n'kuti, "Oho, akula eti?" Anawalola kuyenda njira yonse mpaka kumapeto, n'kuwathokoza kuti abwera nawo bwino uthengawo. Sanandiyang'ane n'komwe, ndipo mpaka lero akuluwo sadziwa kuti anadzamasula mtolo womasula kale.

Kumaliro ndinapita ndekha. Miyendo ya bambo sikanafika. Nditabwerako, wotopa ndi fumbi ndi kulira, ndinalunjika kuseri kwa wailesi kuti ndikazule kachipangizo kaja ndikakaponye m'chimbudzi. Bambo anandigwira dzanja.

"Kasiye. Kalakwanji? Tandiikira mawu a sabata yatha aja, odandaula za mbuzi."

Ndinawaika. Azakhali anapereka moni wawo wa nthawi zonse, bambo n'kuvula chipewa: "Tadzuka, achemwali, kaya inu."

Foni ija tsopano galasi lake linasweka, batire silichedwa kutha, koma kuisintha ndimaopa. Ndikaweruka, ndisanavule n'komwe nsapato zamatope, ndimapeza kanyale kabuluu kakuphethira ndipo ndimawaikira mawu omwewo. Masiku amene ndinkawanamiza kuti sanatumize aja ndimawakumbukira onse. Bambo sanandifunsenso ngati achemwali atumiza mawu.